Musazimitse pulagi ya kubafa

Bambo a kunyumba,

Thanki yathu ya nsomba za m'madzi amchere yang'aluka pakona, madzi afika mpaka pansi pa sofa. Nsomba ndi miyala yamoyo ya m'nyanja ija ndaziika m'beseni lochapira kubafa. Ndathamangira kwa wamagalasi, ndibwera naye masana.

Waya mukuuona pakolidowo ndi wa pampu yopatsa nsombazo mpweya kubafako. Dzanja lanu ndimalidziwa, simutuluka m'nyumba musanazimitse pulagi iliyonse. Lero lokha liikeni m'thumba, apo ayi tizipeza zitayandama chagada. Madzi akachepa musathire a pampopi, osakaniza kale ndi mchere ali m'chigubu chabuluu.

Pepani, popukuta ndangogwira chomwe chinali pafupi. Inali shati yoyera ija munasita dzulo. Valani ina. Inu mashati muli nawo ambiri, anzanu a m'madziwa nyumba inali thanki yomweyo.

Ine mkazi wanu