Mzere Womaliza Munapita Nawo, Ababa

Lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni, Ababa. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija anakujambulani pakhomo pa shopu yanu ya utelala, tepi ili m'khosi, kukamwa kuli yasa. Anthu akachiona amati munkaseka. Ife ana anu tikudziwa kuti munkaimba, ndipo tikudziwanso kuti munkaimba zolakwika.

Tikukumbukira kachipinda kaja, fungo la nsalu zatsopano ndi mafuta a makina, ndi wailesi yomanga ndi mphira imene inkakhala pawindo. Munkakonda nyimbo zakale zachizungu, zamagitala olira kwambiri zija. Chizungu chanu chinkathera pa manambala a pa tepi, koma panalibe nyimbo imene inkakudutsani. Chimene khutu lanu latola, pakamwa pankamaliza m'Chichewa, mapini ali pamilomo, phazi likupalasa makina. Nyimbo ina yaukali, ya ng'oma zogunda ngati munthu akuswa chitseko, kwa inu inali yakuti, “Ndani wadya sopo wanga.” Ina ya mayi wolira chikondi munkati akudandaula kuti mbuzi yakwera basi iye n'kutsala. Tinkaseka mpaka kugwira m'mimba, makasitomala n'kuiwala chimene abwerera. Achimwene atafika ku sekondale anayesa kukukonzani. Munawayang'ana pamwamba pa magalasi n'kuwauza kuti mzunguyo ali ndi mawu ake, inu muli ndi anu, ndipo wailesiyo ndi yanu. Munkatilangiza kuti chinthu chikabwera chosatikwana tisamachitaye, tizichipinda mpaka chitikwane, kaya ndi jekete, kaya ndi nyimbo, kaya ndi tsiku loipa.

Koma panali nyimbo imodzi imene siinali yathu, inali ya Amayi. Iwo ankakhala pangodya ya shopu, kusita ndi kusoka mabatani. Tinamva kuti mutangokwatirana kumene anawotcha malaya a kasitomala ndi simbi, n'kuyamba kulira, pa wailesi pakuimbidwa nyimbo ina yapang'onopang'ono. Inu m'malo mokalipa munaitola pomwepo: “Malaya anga apsa pa kolala, ndipita bwanji ku ukwati, mayi a ana musalire.” Kuyambira pamenepo, Amayi akakwiya kapena mtima ukawawawa, munkalavulira mapini m'dzanja, n'kudzuka pa makina, n'kuyamba kuvina kavinidwe kanu kopanda dongosolo kaja. Mizere itatu ya nyimbo imeneyi munkaimba mokweza kuti msewu wonse umve. Wachinayi munkawerama n'kuwanong'oneza kukhutu. Amayi ankaphulika kuseka, misozi mbwembwembwe, n'kukumenyani ndi kansalu kositira. Tikafunsa kuti mwanena chiyani, nonse awiri munkati ndi za akuluakulu. Sitinakakamire. Tinkaona ngati nthawi ilipo yambiri.

Ababa, nkhani ya kuno si yabwino. Amayi mutu wawo ukutha. Zinayamba ndi kusowetsa makiyi ndi kuthira shuga kawiri mu tiyi, ife n'kumati ndi ukalamba chabe. Lero satidziwa. Ine mwana wanu amandifunsa mwaulemu kuti ndine mwana wa yani, n'kundithokoza chifukwa chowachezera. Mng'ono wanga anasiya ntchito n'kubwerera kunyumba kuti aziwasamala. Makina anu tinawaika pabalaza, ndipo Amayi amakhala pambali pake tsiku lonse, kuzunguza gudumu ndi dzanja, n'kumafunsa kuti kodi a telala atseka nthawi yanji lero. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti mankhwala obweza zimene zapita kulibe.

Tsiku lina masana mng'ono wanga akusita anangopezeka akuimba nyimbo ya malaya ija, osaganiza n'komwe. Amayi anadzutsa mutu. Maso awo anabwerera, Ababa, maso enieni aja. Anamuitana ndi dzina lake la paubwana lija, Kabatani, limene anali asanalitchule kwa chaka chathunthu. Ndinathamanga kuchokera kukhitchini, manja ali ndi thovu, tonse awiri n'kuimba limodzi. Titamaliza mzere wachitatu, Amayi anapendeketsa mutu n'kutchera khutu, kumwetulira kutayamba kale pamilomo. Ife mzere wachinayi sitinkaudziwa. Anadikira, n'kudikira. Kenako nkhope ija inazima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta, n'kutifunsa kuti tikufuna ndani.

Chiyambire tsiku limenelo tikusakasaka mzere umenewo. Achimwene anaipeza nyimboyo pa foni n'kuwaikira Amayi. Anamvetsera pang'ono, n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti bambo ameneyu akuimba zolakwika, akuwononga nyimbo ya a telala, timuzimitse. Tinaseka, Ababa, tinaseka ngati kale m'shopu muja, kenako aliyense analowa chipinda chake kukalira. Mawu enieni a nyimboyo tinawawerenga. Mulibe malaya, mulibe kolala, muli munthu wina amene akuchonderera mkazi kuti asakwere sitima. Achimwene anamasulira mzere wake womaliza n'kuwanong'oneza Amayi, iwo n'kuwakankha ngati munthu wachilendo wosowa ulemu. Tinayesa kupeka yathu, ina yoseketsa, ina yachikondi, ina yochititsa manyazi kuitchula pamaso pa kholo. Yonse amaipukusira mutu. Tinafunsa azakhali, alongo anu, iwo akuti ankangoona kuseka kokha. Tinapita kwa wosoka nsapato uja wa shopu yoyandikana nanu, amene tsopano saonanso. Akuti khoma linali lopyapyala, ankamva zonse, ngakhale mikangano yanu, koma mzere umenewo sunadutsepo khoma ndi tsiku limodzi lomwe.

Chimene chikutiopsa n'chakuti ngakhale zimene tinali nazo zikutipulumuka. Mawu a mzungu ali m'foni iliyonse, aliyense akhoza kuwapeza. Anu anali m'mitu mwathu mokha. Adzukulu anu amaimba nyimbo zomwezo m'Chizungu chosalala, cholondola, ndipo tikawaimbira za sopo amatiyang'ana ngati tazungulira mutu. Mwezi watha ine ndi achimwene tinakangana kwambiri pa nkhani ya mbuzi ija, ngati inakwera basi kapena lole, mpaka osalankhulana masiku angapo. Anthu akuluakulu, a ana athu, kukangana za mbuzi imene kulibe. Palibe amene anaganizapo zokujambulani mawu muli moyo. Tinkaona ngati zopusa zoseketsa sizitha, zimangokhalapo ngati mpando wa m'nyumba.

Tikuuzeni zoona, Ababa, masiku ena timakukwiyirani. Munatipatsa zonse, sukulu, zovala zosokedwa bwino kuposa za anzathu, nthabwala zosatha. Munaumiriranji kamzere kamodzi? Kenako timakumbukira kuti sikanali kathu, ndipo mkwiyo uja umasanduka chisoni chimene sitidziwa pochitula. Tatopa. Mng'ono wanga waonda, saseka ngati kale. Amayi nawo sadzutsa mutu nthawi zonse tikaimba. Kale zinkachitika tsiku lililonse, tsopano mwina kamodzi pa sabata, ndipo dzina la Kabatani silinamvekenso. Tikuona ndi maso athu kuti kakhomo kamene kanatseguka kaja kakutsekeka, ndipo chotsegulira chake munapita nacho inu.

Lero masana tikumana pabalaza, pambali pa makina anu. Ndivala tepi yanu m'khosi, chifukwa akaiona amakhala phee. Tiimba mizere itatu ija mokweza, molakwika monga munatiphunzitsira. Tikafika pa wachinayi ndiwerama n'kuika pakamwa panga pafupi ndi khutu lawo, monga ndimachitira masiku ano, ndilibe choti ndinene. Amamva mpweya wanga wokha, n'kundigwira dzanja mwamphamvu, kudikira kuti a telala amalize. Sindidzuka msanga, Ababa, chifukwa nthawi imene akudikirayo ndi yokhayo imene amakhala nafe.

Tikukulirani ife ana anu atatu, azakhali, apongozi anu ndi adzukulu anu onse. Amayi sitinawalembe pa olira, chifukwa iwo sakudziwa kuti munapita. Atiiwala tonse, koma inu akukudikiranibe kuti mutseke shopu.

Sitidzakuiwalani, Ababa, ngakhale tatsala ndi mizere itatu yokha.