Chingwe cha Makina Osankha

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumiyala kumeneko. Phewa lija linasiya kuwawa? Kuno amayi ali bwino, kungoti chitsirizira wathu mphumu yamuvutitsanso sabata yonse. Kalatayi ndaisokerera m'mphepete mwa bulangete, mukawerenga muotche.

Paja munkati chidwi changa chidzandipha. Mwina simunaname.

Lolemba anatituma ife Osesa kukakolopa holo yosankhira, poti Lachinayi ana a zaka 16 akalandira magulu awo. Makina aja mukuwakumbukira: umaika dzanja pagalasi, getsi n'kuyaka, kapepala n'kutuluka konena ngati ndiwe wa Olemba, Osesa kapena Akumiyala, basi moyo wako wonse. Amatiletsa kusesa kuseri kwake. Ine ndinasesako.

Achimwene, chingwe chake sichinalumikizidwe paliponse. Changodzipinda pansi, akangaude mpaka anamangapo nyumba. Ndinachitsatira chokwawa ndipo ndinapeza kachitseko kukhoma. M'katimo muli mpando, kabowo koponyera mapepala, ndi mkulu wina wa Olemba amene timamutcha Magalasi, akumwa tiyi.

Ndinkayesa akuwa, koma anangondiuza kuti ndikolope pomwe panatayikira tiyi. Kenako pakamwa pangapa panayamba kuyabwa. Ndinafunsa kuti makina amaona chiyani m'dzanja la munthu. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti getsilo ndi la mabatire ngati tochi. Akuti iye amangoona mafomu ochokera kunyumba zogona za gulu lililonse, onena mabedi amene alibe munthu. Amayamba kudzaza a Akumiyala chifukwa kumeneko mabedi sachedwa kutsala okha. Ana oyamba pamzere ndiwo amapita.

Ndinafunsa chifukwa chake akundiuza zonsezi. Anati wachibangili chobiriwira cha Osesa ngati ine angamukhulupirire ndani?

Chaka chino mzere ukuyambira msewu wathu, ndipo chitsirizira ndi wachitatu. Mwana woti akakwera masitepe awiri amapuma ngati mluzu, fumbi la miyala angalipirire miyezi ingati? Iye sakudziwa kanthu. Akungodzola mafuta m'manja tsiku lililonse kuti makina akamuone bwino, ine mtima n'kumandiwawa.

Tsono inu ndinu kapitawo wa zogona kumeneko, ndipo fomu yanu imabwera Lachitatu ndi lole ya miyala. Ndikupempha, ichedwe tsiku limodzi lokha, ifike kusankha kutatha. Igwere m'madzi, iiwalike m'thumba, mudziwa ndinu. Ikapanda kufika, Magalasi adzaza magulu enawo. Ndikudziwa kuti akulangani. Ndikudziwanso kuti mabediwo adzagonapo ana a eni pa kusankha kotsatira, ndipo zimenezi zikundisowetsa mtendere. Komabe ndapempha.

Pali china. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukunena kuti makina anaona kuti mutu wanu ndi wouma, n'chifukwa anakupatsani nyundo m'malo mwa cholembera. Ndinamufunsa Magalasi za chaka chanu. Anati akukumbukira bwino, khoma la mgodi linagwa mwezi umenewo, mabedi naini anatsala opanda anthu. Inu munali wachisanu pamzere. Dzanja lanu palibe amene analiyang'ana n'komwe.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ulusi wabulangeteli asautaye, adzasokere yankho lanu.

Ndine mlongo wanu,
Mafunso uja