Ndakatulo ya a Mofazzal m'Kalasi Mwanga

Lamulungu, 7 Meyi

Kwabwera kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro. A Mofazzal, oyendera sukulu, akuti Lachitatu adzaona ana anga a sitandade 4 akufananitsa nkhani ziwiri. Atumiza okha zowerengazo: nkhani ya m'nyuzipepala ya madzi osefukira, ndi ndakatulo yotamanda mvula. Mlembi wa ndakatuloyo? Iwo omwe! Dzina lili m'munsi, zilembo zikuluzikulu. Ati "mvula ikuvina padenga." Denga lake liti?

Lolemba, 8 Meyi

Ndajambula mikombero iwiri yolowana pabolodi monga kalatayo yalamulira: zosiyana m'mbali, zofanana pakati. Ana 15 okha. Enawo ali kumunda, akulimbirana mpunga ndi madzi.

Ahedi, a Gouranga, asuzumira pakhomo, n'kundiitana "Apa" monga amaitanira aphunzitsi aakazi kuno: "Apa, ingowalowezetsani mayankho. Mukatichititsa manyazi, kalasiyi ndipatsa wina." Zaka 19 ndikudya fumbi la choko, lero andiphunzitse munthu woopa nsapato za alendo.

Lachiwiri, 9 Meyi

Ana aloweza ngati zinkhwe. "Zonse zikukamba za madzi." Nzeru zakuyatu.

Lachitatu, 10 Meyi

A Mofazzal afika pa boti, nsapato zili m'jumbo. Tiyi ndi mabisiketi kaye kwa ahedi, ola lathunthu. Kenako ayima kutsogolo n'kulakatula okha, dzanja pamtima, maso otsinzina.

"Ndani andiuze kufanana kwake?"

Shiuli, wa pabenchi lakumbuyo, amene sayankhula chaka chonse, wakweza dzanja. "Sir, onse awiri olembawa sanamwetepo mpunga madzi akulekeza m'chifuwa."

Ahedi akutsokomola chifuwa chabodza.

"Wadziwa bwanji, mwana iwe?" afunsa a Mofazzal.

"Palibe wanena za misundu, Sir."

Ndinaluma nsonga ya sari, nsalu yanga yovala, kuti ndisaphulike. A Mofazzal analemba kena kake m'kabuku, nkhope gwaa, n'kufunsa ngati boti lakonzeka.

Lachinayi, 11 Meyi

Ahedi sakundipatsa moni. Za kalasi akuti "tikambirana." Akambirane.

Pa buleki ndamuitana Shiuli, ndamupatsa nthochi yanga, ndikusekabe za dzulo. Iye osaseka. Watulutsa pepala lonyowa m'mphepete, walemba yekha: mmene madzi analowera m'munda mwawo sabata yatha, bambo ake kumira mpaka m'khosi, n'kupulumutsa mitolo isanu ndi iwiri yokha ya mpunga. Miyendo yake zipsera za misundu zokhazokha. Ndamuphunzitsa kuyambira Januwale, sindinaziwone.

"Apa, nanga inu munamwetapo?"

Ine wa nyumba ya njerwa, mwana wa kalaliki. Ndati ayi.

Wagwedeza mutu, watenga choko, wafunsa ngati mkombero wachitatu, wa pepala lakelo, ungakwane pabolodi. Ndamusunthira mpando wanga kuti akwerepo.