Chaputala cha Mayi Geertje

Lolemba, 7 Okutobala

Mvula kuyambira m'mawa. Njinga, mphepo, buluku lonyowa mpaka m'mawondo. Koma mtima uli mbee. Buku la Aukje latha.

Zaka zonsezi mtsikana ameneyu wakhala akuzungulira midzi ya ku Friesland ndi kachipangizo kojambulira mawu, kufunsa akazi a alimi funso limodzi: kodi dzina lanu lili pa chikalata cha famu? Ambiri ayi. Bukuli ndalikonza liwu ndi liwu. Pa mabuku onse amene kakampani kathu kano ka ku Wageningen katulutsa, ili lokha ndi limene adzaliwerenge ngakhale anthu amene sanapondeko ku yunivesite. Ndikudziwa, ntchitoyi sindinayambe dzulo.

Lachisanu lipita ku makina osindikizira. Tjeerd, mwini kampani, wagula makeke. Akuti: "Wolemba waukali, mkonzi waukali, wofatsa ndine ndekha muno." Ndamuuza kuti kumeneko si kufatsa, ndi ulesi.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Foni. Mawu a mayi wachikulire, otsika ngati makoma akumvetsera. Mayi Geertje, amene m'buku tinawatcha Hilda. Chaputala chachinayi chonse ndi iwowo: kukama ng'ombe kuyambira tsiku lotsatira ukwati, kudwazika apongozi mpaka kuwaika m'manda, kenako kungomva patebulo kuti famu yapita kwa mwana wamwamuna. Iwo osafunsidwa.

Amva kuti nyuzipepala ya alimi ikufuna kutulutsa gawo la chaputala chimenechi. Nyuzipepala imene imalowa m'khitchini iliyonse kwawoko. "Dzina munasintha, inde. Koma mawu a Douwe simunasinthe. Akangoona, adziwa." Douwe ndi mwamuna wawo. Akufuna tichichotse chonse.

Tjeerd: "Chilolezo anasayina okha, palibe anawagwira dzanja." N'zoona. Ndipita ndikawaone. Zoterezi sakambirana pafoni.

Lachinayi, 10 Okutobala

Sitima mpaka ku Leeuwarden, basi, kenako wapansi m'mbali mwa ngalande. Dziko lathyathyathya, atsekwe mbwee m'minda.

Khitchini yotentha, fungo la khofi ndi ndowe. Manja a mayiwo okhakhala, zala zopindika. Ndinapita ndi njira zanga: tisinthe chigawo, tisinthe ng'ombe zikhale nkhosa, nyuzipepala tiikanize. Anamvetsera zonse, n'kungoti: "Mwana wanga, mudzi uno munthu amadziwika ndi chifuwa chake."

Tili pakati Bambo Douwe analowa. Nsapato zamatope pakhomo, iwo ndi masokosi. Munthu wamtali, wowerama. Atafunsa kuti ndine yani, mayiwo anati ndine wa ku tchalitchi. Anathira khofi m'kapu ya mkazi wawo asanathire mwawo, mkaka pang'ono, osafunsa. Si chilombo ayi. N'chifukwa chake nkhaniyi imaluma.

Ndinagamula ndili m'basi. Chaputala chichoka.

Lachisanu, 11 Okutobala

Buku silinapite.

Aukje anabwera chikhoto chikudontha madzi, osachivula n'komwe. "Wietske, ukuchotsa mtima, ine undipatse mtembo?" Akuti akalipereka kwina, makampani aakulu amene sapita kukamwa khofi ndi anthu a m'machaputala. Ndinamuyankha kuti apite, koma akauzenso kumeneko kuti mwini nkhani wakana. Lamulo lili mbali yathu, inde. Koma lamulo siligona m'nyumba imene ija.

Analira. Mkwiyo, osati chisoni. Ndikumumvetsa: ntchito yake ku yunivesite ikutha chaka chino, ndipo buku ili ndilo khomo lokhalo.

Osindikiza apereka malo athu kwa ena. Msonkhano wa akatswiri wa mu Novembala tiuphonya. Tjeerd wandipatsa moni ndi nsidze basi.

Lachitatu, 16 Okutobala

Aukje zii. Ndalumikiza chaputala chachitatu ndi chachisanu. Buku likuyenda, koma motsimphina. Likadali labwino kuposa ambiri. Ndikubwerezabwereza zimenezi mumtima.

Nkhomaliro: buledi ndi tchizi, ndekha pazenera. Sindikukayika. Kungoti kulondola kumasungulumwitsa.

Lolemba, 21 Okutobala

Nanga ichi!

Ndikukweza njinga pakhonde, ndangoona munthu wamtali ataima pachitseko cha ofesi, jekete ya ku tchalitchi, chipewa m'manja. Bambo Douwe. Ng'ombe asiyira mwana, akwera sitima yoyamba. Ndinawalowetsa.

"Ndinu a ku tchalitchi aja," anatero. Osaseka.

Dzulo, atachoka kumapemphero, mkazi wawo anawakhazika pansi n'kuwawerengera chaputala chonse mokweza. Palibe anawatuma. Akuti anangotopa ndi kuchibisa m'kabati ya matawulo.

Bambowo abwera kudzakonza cholakwika. Pamene palembedwa kuti iwo anati "za famu si nkhani ya akazi", akuti sanatero. Ananena ndi mwana wawo. Iwo anangodzuka n'kupita kukhola. "Lembani zoona. Ine sindinayankhule."

Ndinawauza kuti sindisintha liwu popanda mwini wake, ndipo chaputalacho tachichotsa kale. Anayang'ana mashelefu athu nthawi yaitali, mabuku onsewo onena za alimi. Kenako: "Moyo wonse tebulo limodzi. Koma zonsezi anakauza kachipangizo."

Tjeerd anawapangira khofi ndi manja ake, chinthu chimene sindinachionepo chiyambire. Anawaperekezanso kusiteshoni. Pobwera anati m'njira monse amakamba za mtengo wa udzu.

Lachinayi, 24 Okutobala

Masiku awiri ndikuyang'ana foni. Kuimba ine ayi, si malo anga. Usiku kuganiza zoipa: mwina ulendo wanga uja ndi umene wagwedeza nyumba ya eni.

Lero dzuwa, loyamba mwezi uno. Foni inalira ndikudya apulo.

Sindinawazindikire msanga. Mawu okwera, a munthu amene wazolowera kuitana ng'ombe kutsidya kwa munda. Mayi Geertje, ali kwa mng'ono wawo ku Sneek. "Sindinathawe, musandilembere zimenezo. Ndikupuma. Akameko okha aone."

Akuti tibwezeretse chaputala. Nyuzipepala nayonso itulutse. Za mawu aja: "Asiyeni momwe ndinanenera. Iye akukumbukira zake, ine zanga. Amene watuluka osayankhula wayankhula."

Bambo Douwe awaimbira kawiri. Akufuna apite onse atatu ndi mwana wawo uja kwa loya, dzina la mayiwo lilowe pa chikalata. Ndinafuula ndi chimwemwe ngati mwana. Iwo anandidula: "Sindinavomere. Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Nayenso alaweko kudikira."

Ndinafunsa ngati dzina la Hilda likhale momwemo. Ndikumva supuni ikuzungulira m'kapu.

"Hilda ndani? Ine sindikumudziwa. Geertje Wiersma. Wiersma, la kwathu, osati la iye. Mulembe bwino."

Ndalemba bwino. Tjeerd ali kale pafoni ndi osindikiza, akuwanyengerera ngati akufunsira mbeta. Ine ndikuimbira Aukje. Ikuitana. Mtsikana iwe, yankha, usandi... Wayankha!