Kamera Ione Nkhope ya Ababa

Chilobwe,
Blantyre.
6 Okutobala, 2019.

Okondedwa achimwene a Paston,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Cecilia ndi ana. Nanga ababa akudzuka bwanji masiku ano? Miyendo ija yaphwako, kapena ikadali yotupa? Kuno ine ndi mwana wanga Tawonga tili bwino, kungoti anabwera ndi chimfine kuchokera kusukulu. Madzi kuno ku Chilobwe akutuluka mwa apo ndi apo, koma zimenezo tinazolowera.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Inu mukamayankha foni mumaikweza mawu, mudzi wonse n'kumamvera, ababanso ali pomwepo pa mkeka. Nkhani iyi ndikufuna muyambe mwaiwerenga nokha. N'chifukwa chake ndapatsira a Godfrey, oyendetsa minibasi ya ku Bangula aja, kuti akupatseni pamanja.

Loweruka pa 19 ndikubwera ndi kamera kudzajambula ababa. Alamu anandiuza kuti kudimba anasiya kupita, ndipo kuchipatala anangowapatsa mapilitsi n'kuwauza kuti azipuma. Ine si mwana, ndikudziwa tanthauzo lake. Amayi anapita osatisiyira nkhope. Chithunzi chawo chimodzi chija chinapita ndi madzi osefukira, ndipo ngakhale chisanapite munkaoneka chiyani? Duku loyera ndi mano basi. Tawonga akandifunsa kuti agogo ake aakazi ankaoneka bwanji, ndimangotchula msinkhu wawo ndi kaseka kawo. Za ababa sindilola kuti zithere pamenepo.

Kuti mumvetse mmene kamerayi ndaipezera, ndikufotokozereni zakuntchito. Chaka chino n'chachitatu ndili pa situdiyo ya a Hamdani ku Limbe. Ndi munthu wabwino, koma akanena wanena. Kamera yaikulu anaigula ku Joni, ndipo amaisamala kuposa galimoto yawo. Kumbuyo kwake kuli batani lolembedwa menyu. Ukalidina umalowa m'maganizo a kamera, n'kuiuza mmene iziyezera kuwala, mmene izionera mitundu, ndi zina zambirimbiri. Batani limenelo a Hamdani analimata ndi selotepi yakuda. Akuti wojambula amene analipo ine ndisanabwere analiseweretsa, kamera n'kuyamba kulemba Chitchaina sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo lamulo ndi limodzi: kagudumu kapamwamba kazikhala pobiriwira, pomwe kamera imadziganizira yokha, iwe ntchito yako ndi kudina basi.

Kudziganizira kwakeko ndiye vuto. Mu Ogasiti anandituma kukajambula amayi a Mvano konkuno ku Chilobwe. Analipo makumi atatu, mabulauzi oyera mbee, maduku oyera, dzuwa lili paliwombo. Kamera itaona kuyera konseko inachepetsa kuwala yokha. Mabulauzi anatuluka bwino mpaka mabatani kuwerengeka, koma nkhope zonse bii!

A Hamdani anati ndisadandaule, akonza pa kompyuta monga amachitira ndi akwatibwi. Anaziyeretsadi, amayi aja n'kutuluka otuwa ngati adzola phulusa. Apampando awo, a Lines, anandibwezera envulopu yonse pakhomo panga, anthu akuona, n'kundifunsa ngati ndinawajambula akutuluka kumanda. Manyazi ndinachita, koma chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinaganiza za ababa. Inu mukudziwa kuti ababa ndi akuda kuposa amayi onse aja, ndipo malaya awo akutchalitchi ndi oyera.

Lachisanu lililonse masana a Hamdani amapita kumzikiti, ine n'kutsala ndekha pa situdiyo kwa ola limodzi ndi theka. Achimwene, selotepi ija ndinaimatula. Ndinagula kope la ana asukulu, chilichonse chimene ndasintha n'kumalemba mmene chinalili poyamba, kuti ndizibwezera iwo asanafike. M'katimo muli masamba ndi masamba a Chingerezi chimene sitinaphunzire kusukulu kwathu. Lachisanu loyamba ndinangothera kusochera.

Ndinafunika munthu woyeserapo. Pa shopu yoyandikana nafe pali alonda, a Kingstone, akuchokera ku Makhanga, akuda ndendende ngati ababa. Nditawapempha anaseka, akuti nkhope yawo siigwirika pa chithunzi, ngakhale pa chiphaso chawo anthu amangokhulupirira dzina. Ndinawaveka malaya oyera amene timabwereka anthu ojambulitsa zithunzi za pasipoti, n'kuwaimika panja.

Poyamba ndinauza kamera kuti iziyeza kuwala pa kadontho kamodzi, pachipumi pawo. Nkhope inaoneka, koma yotumbuluka, malaya n'kupserera mpaka kolala kusowa. Sabata yotsatira ndinaiuza kuti iziyeza chapakati ponse, ine n'kuwonjezera kuwala ndi sitepe imodzi. Zinayamba kubwera, koma malaya ankavutabe. Kenako ndinapeza pomwe umachepetsa kulimbana kwa kuda ndi kuyera, ndinatsitsapo kawiri. Ndinayatsanso kachenjezo kena, komwe kamaphethira pagalasi la kumbuyo kwa kamera pamalo pamene payera mopyola. Kulira kwa kamera kwa tii-tii ndinazimitsa, chifukwa kumandichititsa manyazi m'tchalitchi abusa akamapemphera. Pomaliza ndinazindikira kuti zina si za menyu ayi, munthu umangomuchotsa padzuwa n'kumuika mumthunzi wa khonde. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachisanu lachisanu zinatheka. Nkhope ya a Kingstone inatuluka yakuda monga ilili, koma chilichonse chikuoneka: makwinya, imvi za m'ndevu, chipsera cha pansi pa diso, ndi malaya omwe ulusi wake ukuoneka. Anayang'anitsitsa pagalasipo. Kenako anati akuona chipumi cha malemu bambo awo, ndipo sankadziwa kuti anachitenga. Anapempha kuti ndiwatsukire zithunzi ziwiri, china atumize kwa akazi awo kumudzi. Ine ndinathawira m'kati, misozi inali pafupi.

Kamerayi ili ndi malo atatu osungira zimene wakonza, ndipo pa kagudumu kaja analembapo C1, C2 ndi C3. Ukatembenuzira pamenepo, zonse zimene unasunga zimabwera nthawi imodzi. Ndinasunga zanga pa C1. Ndiye chifukwa cha chisangalalo, selotepi ndinamatanso bwinobwino, koma kagudumu ndinaiwala kukabwezera pobiriwira.

Mawa lake a Hamdani anatenga kamera kupita ku Namiwawa kukajambula phwando la kubadwa kwa mwana wa azungu ena. Iwo pagalasi sayang'anayang'ana, anazolowera kungodina. Anazindikira mochedwa, atadabwa kuti kamera siikulira, keke atadula kale. Kuwala kumene ndinawonjezera chifukwa cha a Kingstone kunafufuta azungu onse aja. Nkhope mbuu ngati ufa woyera, maso okha kutsala. Panopa ndikuseka, koma Lolemba lija sindinaseke.

Anandiitana, kamera ili patebulo, mawu ali pamwamba mpaka a Kingstone kumva ali panja. Sindinaname. Za kagudumu ndinapepesa ndi mtima wonse, chifukwa ndinawachititsa manyazi kwa makasitomala ndipo kulakwa kunali kwanga. Koma za selotepi sindinapepese. Ndinaika patebulo chithunzi cha amayi a Mvano chija ndi cha a Kingstone, n'kuwauza kuti mwa anthu khumi olowa pakhomo pawo, asanu ndi anayi amaoneka chonchi, ndipo takhala tikuwapatsa mabulauzi m'malo mwa nkhope. Ndinawauzanso kuti iwo eni ake pa chithunzi chawo cha pakhoma sadziwika.

A Hamdani anati pakamwa panga mpakuthwa, tione ngati manja ali chimodzimodzi. Anati ndikajambulenso amayi a Mvano. Akakalandira zithunzi, menyu ndi yanga. Akakabwezanso, ndisabwerenso ku Limbe. Ine ndinawonjezera kuti akakalandira, andibwereke kamera Loweruka limodzi ndipite nayo kwathu. Anaseka, akuti sanaonepo munthu amene mwendo umodzi uli kale panja koma akupemphabe. Anavomera, koma anati kamodzi kokha, ndipo Lamulungu madzulo ikhale itafika m'manja mwawo.

Lachinayi lapitali ndinapita. A Lines anavuta kaye, akuti alibe nthawi yoseweretsedwa kawiri. Ndinawagwadira, ndinawaika onse mumthunzi wa mango a kuseri kwa tchalitchi, kagudumu pa C1. Dzulo ndinawapititsira chithunzi. Anatuma mwana kukatenga magalasi awo, n'kuyamba kutchula amayi aja mmodzimmodzi ndi chala, mzere woyamba mpaka womaliza, osaphonya. Atamaliza anangoti aliyense afuna chake. Ntchito yanga ilipo, achimwene, ndipo kamera ndapatsidwa ya pa 19.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Mukukumbukira a Clement, mkulu wa mpingo uja. Ana awo anabwera kuchokera kutauni n'kuwajambula, miyezi iwiri isanathe anamwalira, ndipo chithunzi chomwecho n'chimene chinatsogola kutsogolo kwa bokosi. Tikubwera kumanda ababa ananena kuti ana am'tauni akabwera ndi kamera ndiye kuti anunkhiza maliro. Mawu amenewo sanawaiwale, ine ndikuwadziwa. Ndikangotulukira ndi chikwama, adzalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Chonde mukambe nawo ine ndisanafike. Musankhe m'mawa, miyendo isanayambe kuwawa, muli awiri. Inu amakumverani, ine amati ndine mwana wamakani. Koma musawanamize kuti n'za chiphaso kapena kuti kukubwera olemba mayina a chithandizo. Adzazindikira, ndipo akadzazindikira ndiye zathera pomwepo. Akakufunsani ngati chithunzicho n'chapabokosi, muwauze kuti tsiku limenelo ndi la Mulungu, Vailet salidziwa. Chimene Vailet akudziwa n'chakuti ndi mwana wawo, ndipo akuopa kudzawaiwala.

Akavomera, alamu achape malaya oyera aja. Ndevu asamete, ndikuzifuna momwemo. Mafuta kumaso asadzole, amanyezimira. Mpando muike pansi pa bwemba, ndipo tidzajambule Lamulungu m'mawa dzuwa lisanakwere, paja kutentha kwa mwezi uno kwathuko sikufuna kufotokoza. Mabatire ndidzabwera nawo awiri odzadza, za magetsi musavutike.

Akakanabe, musandiimbire kuti ndisabwere, chifukwa ndibwerabe. Kamerayi tsopano siilira, nditha kuwajambula iwo osadziwa, koma sindidzatero. Ababa sindingawabere nkhope yawo. Kamera idzakhala m'chikwama, ine ndidzakhala pa mkeka patsogolo pawo n'kumawayang'ana mpaka minibasi ya Lamulungu itafika.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, kwa azakhali ku Tengani, ndi kwa amalume ngati abwerako kudimba. Tawonga akuti moni kwa agogo ake, ndipo akulira kuti abwera nawo. Ababa muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ine mchemwali wanu,
Vailet.