Zala za Abambo pa Lipenga

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni ndi manja awiri. Kaya mukudzuka bwanji masiku ano ndi msana wanu uja? Nanga abambo akudyako? Achimwene anandiuza pafoni kuti chakudya akungolawa, ndipo kuchokera tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kanandigwira mvula itayamba. Denga la chipinda changa likudontha pakona, koma ndinasuntha bedi.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu amandithawa, inunso mukudziwa. Komanso nkhani yanga ndi ya lipenga, ndipo mukangomva liwu limeneli mumati foni yatha moto. Chonde werengani mpaka pansi musanaipinde. Ngati zilembo zanga zikuvutani, achimwene akuwerengereni.

Ntchito ikuyenda. Ndikukolopabe nyumba yosanja ija, kuyambira pamakwerero mpaka kuzimbudzi. Pansi penipeni pali chipinda chojambuliramo nyimbo, amati situdiyo. M'makoma mwake anamatamo masiponji, moti ukatseka chitseko umadzimva wekha ukupuma.

M'chipindamo mumabwera gulu loimba jazi. Alibe chida ngakhale chimodzi. Amatenga nyimbo zakale zimene zinkaimbidwa ndi zida zokhazokha, zopanda mawu, n'kugawana: wina pakamwa pake pakhale besi, wina ng'oma, ena piyano. Akupanga chimbale cha nyimbo zoterezi. Mtsogoleri wawo ndi mayi wina amene onse amamutcha Amagalasi, ndiye amalembera aliyense gawo lake papepala. Wa besi ndi bambo wonenepa wanthabwala amene amameta anthu kumsika.

Tsiku lina ndikukolopa mukhonde, ndinkaimba chapansipansi nyimbo ya abambo ija, imene ankaiyesa masana atakhala pampando pafupi ndi khomo. Sindinadziwe kuti chitseko cha situdiyo chinali chotsegula. Amagalasi anatuluka n'kundifunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani. Ndinalakalaka nditalowa m'ndowa. Ndinayankha maso ali pamopu kuti anaipeka ndi bambo anga, amene ankaimba lipenga m'bandi ya kuhotela. Anandilowetsa mkati magolovesi akudontha madzi. Nditaimbanso, anati akhala akusowa munthu wa lipenga, ndipo nyimboyo akuifuna pachimbale, dzina la abambo lilembedwe pachikuto monga mwini wake.

Choncho, Amayi, mwana wanu amene ankabisala kuseri kwa chitseko alendo akabwera, tsopano amaima pamaiki akaweruka. Ometa aja ananditcha Lipenga la Mopu. Amati padziko lonse ndine ndekha lipenga limene limapepesa lisanalire.

Ndinawaphunzitsa nyimboyo monga ndinaimvera ndili mwana, osawonjezera kapena kuchotsa kanthu. Mukukumbuka kuti imayamba pang'onopang'ono n'kumakwera, kenako pakati pamakhala zii kwa kanthawi ndithu, ndiye n'kubwerera poyamba. Ziiyo ndinaisunga ndi utali wake womwe, chifukwa abambo ankagunda phazi pansi nthawi yonseyo, ndipo phazilo ndimalimvabe. Amagalasi anadabwa pang'ono, koma anati akuluakulu akale anali ndi nzeru zawo. Tinaiphunzira choncho milungu yambiri. Tikafika pamalopo tonse tinkatseka pakamwa n'kumayang'anana.

Sabata yatha tinayamba kujambula. Amene amakhala pamakina kuseri kwa galasi ndi mdala wina wa imvi, wosalankhulalankhula. Titafika pa zii paja anaimitsa makina, navula zomvera zake m'makutu, n'kundifunsa dzina la bandi ya abambo. Nditalitchula anagwira pamutu. Anati pa unyamata wake ankavina kuhotela komweko, ndipo nyimbo imeneyi akuidziwa. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Mwana wanga, pamene iwe watseka pakamwapo ndi pamene anthu ankaimirira m'mipando."

Amayi, pakati paja sipanali zii. Panali mtima weniweni wa nyimboyo, pamene zida zina zinkatsika, lipenga n'kukwera lokha. Ndinakhala pansi pomwepo, ndipo zonse zinabwera m'mutu. Ndinakumbuka amayi eni nyumba aja, a khoma limodzi ndi ife, amene ankamenya khoma ndi mtengo wa tsache lipenga likangokwera. Abambo pofuna mtendere, akafika pokwerapo ankachotsa lipenga pakamwa n'kumangodina timabatani take titatu tija, phazi likugunda. Ine kuhotela sindinapiteko, ndinali wamng'ono. Ndinakula ndikuyesa kuti nyimboyo ndi mmene anaipekera.

Palibe anaseka, ngakhale Ometa. Kukanakhala bwino akanaseka.

Mdalayo anayesetsa kuti akumbukire, koma akaimba ulendo uno imatuluka ina, ulendo wina inanso. Pomaliza anavomera kuti chimene chinatsala mwa iye ndi mmene thupi linkachitira tsembwe, osati nyimboyo. Ine ndazungulira ndi miyendo yanga kufunafuna wina amene akuikumbuka. Wa ng'oma wa bandi ija anamwalira. Wa piyano akuti anasamuka kalekale, palibe akudziwa kumene ali. Ndinalimba mtima mpaka ndinakafunsa kunyumba ina ya wailesi, koma anati matepi a nthawi imeneyo anadyedwa ndi chinyezi. Hotela ija ndiye anaigumula. Munthu amene watsala nayo nyimboyi ndi mmodzi yekha, ndipo ali gone m'chipinda chanu, pakamwa patakhota, mawu osatuluka.

Amagalasi ndi munthu wabwino, koma nthawi yathu m'situdiyo ikutha mwezi uno, pambuyo pake mulowa gulu lina. Anati tsopano popeza tadziwa, sitingaimbe zii ngati sitikudziwa. Anandipatsa njira ziwiri: apeke iwo pakatipo dzina la abambo likhalebe, kapena nyimboyo ichoke pachimbale. Anapekadi, ndipo ndi yokoma. Koma nditayesa kuiimba, ndinailekeza panjira. Zinali ngati ndikuwaveka abambo jekete la munthu wina n'kuwajambula chithunzi iwo sangathe kukana.

Ndiye dzana achimwene ananena chinthu pafoni, iwo osadziwa kuti akunena chachikulu. Anati dzanja lamanja la abambo silipuma, zala zitatu zimangovina pabulangete, mpaka adokotala anaseka kuti mdala akuwerenga mankhwala. Amayi, si mankhwala amenewo. Ndinathamangira kwa Amagalasi. Anati ataona zalazo zikudina pa lipenga lenileni kuchokera poyamba mpaka pomaliza, iwo ndi mnzawo wina wophunzitsa lipenga akhoza kupeza kaimbidwe ka pakati paja, chifukwa poyambira ndi pothera tikupadziwa kale. Koma pabulangete sizingaoneke kuti chala chiti chatsika, chiti changogwedezeka.

Pempho langa ndi limodzi. Tsitsani lipenga lija pamwamba pa kabati, muliike m'dzanja mwawo, achimwene ajambule kanema pafoni anditumizire.

Ndikudziwa chifukwa chimene munalikulungira m'thaulo n'kulikweza kumeneko. Ndinalipo tsiku limene anachokera kuchipatala, ataliona pakhoma n'kulira ngati mwana, inu n'kulumbira kuti saliwonanso. Ndinu amene mumawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwapukuta misozi, ine ndili kutali kuno. Mwina muti ndine mwana wolirira nyanga ya nsatsi. Ndikanabwera ndekha kuti misoziyo ndidzaipukute ine, koma akapitawo anati ndikachoka mwezi uno ndisabwerenso. Ndinawagwadira, anangoyang'ana kumbali.

Mukalola, chonde zichitike motere. Kukhale m'mawa atasamba, pamene amakhalako ndi mphamvu. Muwakhazike pafupi ndi windo kuti kuwala kugwere padzanja. Timabatanito tikhala titauma, ndiye achimwene ayambe adonthezamo mafuta pang'ono, a makina osokera aja akwanira. Dzanja lawo lamanzere poti silikugwira, inu ndinu muchirikize lipengalo kunsi. Achimwene atsamire zigongono pampando kuti foni isagwedere, ndipo ajambule zala, osati nkhope. Abambo sangakonde kuti alendo aone pakamwa pawo. Ndatumiza kale mawu anga ndikuimba nyimboyo, ndi zii yake yonse, pafoni ya alamu anga, akazi a achimwene. Muwatsegulire kuti zala zitsatire, ndipo pakafika pa ziipo musazimitse, musalankhule.

Sindikudziwa ngati zitheke. Mwina zala zija zikungonjenjemera ndi matenda. Mwina afika pakati n'kusokonezeka. Koma achimwene akuti thupi likutha tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndikakolopa makwerero ndimangoganiza kuti ndinakhala pamapazi awo zaka zonse zija, nyimbo ikudutsa pamaso panga, ine ndikuyang'ana phazi.

Chinanso, Amayi, musawasankhire. Ngakhale inenso ndisawasankhire. Makutu awo ndi abwino, amamva zonse. Mukhale pambali pa bedi muwauze kuti mwana wawo wamanyazi uja akuimba lipenga ndi pakamwa, ndipo wafika pakati wasochera. Akatambasula dzanja, apatseni. Akatembenukira kukhoma, likhale pamwamba pa kabati pomwepo. Ndidzawauza Amagalasi kuti nyimboyo aichotse, ndipo nkhani imeneyi simudzaimvanso kwa ine.

Mupereke moni kwa achimwene ndi alamu, muwathokoze chifukwa cha mausiku onse amene akukuthandizani. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akunyumba kwawo, ndi kwa ana onse. Mng'ono wanga alimbikire sukulu, asathere pamene ndinathera ine. Abambo muwagwire dzanja lamanjalo m'malo mwanga.

Foni yanga ili m'thumba la apuloni, sindikuizimitsa.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
amene akudikira.