Chipewa cha Munthu Amene Kulibe

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, ndipo mundiyankhe zoona, osati yankho lanu lija lakuti muli bwino ngakhale mutu ukung'amba. Abambo akudzuka bwanji masiku ano? Dzanja lamanja lija layamba kugwira supuni? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira chifukwa cha makina oziziritsa a mu ofesi, koma chapita. Chikepe cha panyumba imene ndikukhala chinafa mwezi watha, ndiye ndikukwera masitepe tsiku ndi tsiku, ndipo mimba ija munkaiseka yayamba kuphwa. Kalatayi ndalemba zilembo zikuluzikulu dala. Zikavutabe, alamu akuwerengereni, mulibe chinsinsi.

Aneba mumangowauza kuti mwana wanu amakonza makompyuta, ndiye lero ndikufotokozereni bwino. Kampani yathu ili ndi pulogalamu imene anthu amagulira matikiti a basi pafoni. Kuseri kwake kuli makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, ndipo ntchito ya gulu lathu ndi kuonetsetsa kuti asaime. Akaima, kudepoti anthu amangokhala pa zikwama zawo, basi ili pomwepo koma yosakwereka. Tikagwira bwino ntchito, palibe amene amadziwa kuti tilipo.

Mkulu wa gulu lathu ndi mayi wina wamfupi, waimvi, woyankhula motsitsa, injiniya wakalekale. Tinawatcha Mayi Chikafa, chifukwa chilichonse chimene ungawaonetse, ngakhale chokongola bwanji, amangopendeka mutu n'kufunsa kuti nanga chimenechi chikafa tidzatani. Dzinalo amalidziwa ndipo amavomera. Ndimawagomera mayi amenewa. Sindinawamvepo akukalipa. Zinthu zikasokonekera safunsa kuti walakwa ndani, amafunsa kuti n'chiyani chinalola munthu wanzeru zake kulakwitsa chonchi.

Ali ndi khalidwe lina limene poyamba ndinkaliona ngati misala. Amazimitsa seva yabwinobwino dala, masana dzuwa likuswa mtengo, tonse titadya komanso tili maso, kuti tione chimene chichitike. Amati chinthu chilichonse chidzafa ndithu tsiku lina, ndiye kuli bwino chikufere pa nthawi imene wasankha wekha, anzako ali pambali, kusiyana n'kuti chisankhe chokha nthawi yake.

Tsono ine ndinali ndi mbali yanga, imene imagawa mipando kuti anthu awiri asagule mpando umodzi. Ndinaimanga ndekha ndipo ndinkaidziwa ngati chikhatho changa. Ikangotsokomola, foni imene inkalira inali yanga. Paukwati wa mnzanga ndinatuluka muholo akwati asanalowe, ndinakathera m'galimoto ndi laputopu pamiyendo. Ndinkadandaula pakamwa, koma mumtima zinkandikomera. Ndinkati akamadzakweza munthu, nanga angadumphe bwanji amene popanda iye zinthu siziyenda?

Tsiku lina m'mawa Mayi Chikafa anafika padesiki panga atanyamula chipewa chofiira, chakale, chothothoka ulusi. Anandiuza pamaso pa onse kuti pa makina athu onse, amene alibe mnzake womulandira ndine, ndiye lero ayesa ineyo. Lamulo la chipewacho ndi lakuti wachivala amakhala pampando pake, aliyense akumuona, koma kulibe. Safunsidwa, sayankha, sakhudza kompyuta. Amachivula pokhapokha ataona kuti apaulendo avutikadi. Nditavala, iwo anapita kukazimitsa mbali yanga ija, n'kudzithirira tiyi.

Amayi, sindinavutikepo chonchi ndili chikhalire. Mnzanga wina wamtali, timamutcha Mlongoti, anayamba kufufuza kolakwika, ine ndikuona. Mayi wina amene anabwera kwathu atasiya uphunzitsi wa masamu anatsegula malangizo amene ndinalemba ndekha, n'kupeza kuti pakati pake pali dzenje. Pali zinthu zimene manja anga ankangochita osandiuza, ndiye sindinazilembe. Ndinakhalira manja anga enieniwa kuti asathawire pakompyuta. Anavutika, anakangana pang'ono, koma pomaliza anaidzutsa, ine osatsegula pakamwa.

Madzulo ake tinakhala pansi, ndipo palibe amene ananyozedwa. Aliyense ananena pamene anakakamira, ine n'kumadzaza maenjewo. Masabata otsatira ndinawaphunzitsa zonse. Nditavalanso chipewa ulendo wina, anaikonza tiyi wanga asanazizire, ndipo mphunzitsi uja anadzera njira yachidule kuposa yanga. Ndisakunamizeni, zinandiwawa. Ndinapita kunyumba ndili ndwii ngati andilanda munda.

Mayi Chikafa anaona nkhope yanga m'mawa mwake. Anandiuza kuti munthu amene sangachoke pamalo pake sangakwezedwe, sangapume, ndiponso alibe ufulu wodwala. Anati injiniya wabwino amadziwika ndi mmene zinthu zikuyendera iye atachoka, ndipo anandikumbutsa kuti iwonso chipewacho amavala, ife n'kumayendetsa zinthu iwo akuluka juzi ya mdzukulu. Panopa andipatsa ntchito yokonza dongosolo latsopano, ndipo mwezi wamawa ndili ndi tchuthi chenicheni, chosanyamula laputopu.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera, ndipo alamu musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza. Andiuza kuti adokotala anakupezani ndi ng'ala m'maso onse awiri, kuti opaleshoni yake ndi yaifupi, koma tsiku mwakhala mukulisuntha. Akuti mumati palibe wina amene amadziwa kuwatembenuza abambo osawapweteka phewa, palibe amene amamva zimene akunena kuyambira pamene lilime linalemera, palibe amene amadziwa kuti mankhwala ati ndi a nthawi iti. Zonsezo ndi zoona. Andiuzanso kuti masiku ano mapilitsiwo mumawasiyanitsa ndi zala, chifukwa zolemba za pabotolo simukuziona.

Funso la Mayi Chikafa sindingalifunse pa inu ndi mawu awo aja, pakamwa panga pakana. Ndingofunsa chonchi: nanga inu malungo akadzakugonekani sabata yathunthu, abambo adzatani? Mutu umodzi susenza denga, Amayi, ndipo inu mwalisenza kuyambira tsiku limene abambo anagwa.

M'phukusi limene labwera ndi kalatayi muli sopo, mafuta opaka a abambo, ndi chipewa chofiira. Ndachita kusankha chokongola, sichothothoka ngati chathu. Pempho langa ndi limodzi. Loweruka likubwerali, masana, muchivale, mukhale pampando wanu uja wa pafupi ndi zenera m'chipinda cha abambo. Achimwene ndi alamu achite zonse, kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa, mankhwala. Adzalakwitsa ndithu. Madzi adzakhala ozizira, pilo adzamuika mokhota, achimwene adzamva kuti abambo akufuna wailesi pamene akufuna bulangete. Inu mukhalire manja anu monga ndinachitira ine. Muchivule pokhapokha akatenga botolo lolakwika. Madzulo muwauze pamene anaphonya, alamu alembe. Loweruka linalo mubwereze. Ine ndikafika mwezi wamawa ndidzalowa nawo m'gululo, kenako ndidzakuperekezani kuchipatala ndekha.

Ndikuchenjezeretuni kuti tsiku limene adzachite bwino lidzakuwawani kuposa tsiku limene adzalakwitse. Ndikudziwa chifukwa ndinatengera inu. Koma adzachita bwino chifukwa mwawaphunzitsa ndinu, ndipo chimene abambo amakufunirani si kutembenuza kokha.

Pali china chimene sindinakuuzeni. Lamlungu lapitali tikuyankhula pafoni, munaika foni pakhutu pa abambo n'kutuluka kukaphula madzi. Nthawi zonse abambo akamayankhula ndimangovomera kuti eya, eya, kudikira kuti mubwere mundimasulire. Tsikuli anabwereza mawu omwewo pang'onopang'ono, akupuma movutikira, mpaka ndinamva ndekha popanda womasulira. Ananditchula dzina, n'kunena kuti maso a amayi ako. Anangomva mapazi anu pakhomo, n'kukhala chete.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, muwauze kuti akonzeke. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana onse. Abambo muwagwire dzanja lija m'malo mwanga, muwauze kuti ndinamva.

Chipewacho chikakula mupinde m'mphepete, koma muvale.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
uja mumati sakhala pansi